Msasa wa Julio ku Dimba

Luisa anandiimbila foni Lachiwili m'mawa ndili kuthilila matimati.

"Atate a Mumba, bwelani msanga. Anzanu agwa. Atulutsa thovu, maso atembenuka. Kaya afika madzulo."

Ine ndine sabwila wa Julio, atate ake a Luisa. Kwa inu amene simunakhalepo ndi anthu a ku Mozambiki ndifotokoze. Sabwila ndi mnzako amene unapangana naye kuti wotsala ndiye adzasambika woyamba kufa, kumuveka, ndi kumutsitsila m'manda. Phindu lake ndi lakuti mukali moyo mungatukwanane mmene mufunila, pa anthu, ngakhale pakhomo la chalichi, ndipo palibe wopita kukhoti. Ine ndi Julio tatukwanana zaka zoposa makumi atatu.

Choncho ndinasiya keni m'munda, ndinatenga sopo, leza ndi thaulo, ndinavala jekete yanga ya pamalilo. Kuchoka kwathu ku Nyampande ndinakwela galimoto ya makala mpaka Petauke, kenako minibasi mpaka Kacholola. Njila yonse ndinali kukonza zokanena kumanda.

Kufika pakhomo, wakufayo ndinampeza ali pakhonde, akusenda nthochi.

"Iwe galu wa ku Tete," ndinatelo, "wandisiyitsa matimati anga chabe? Kufa nakonso wakulephela, ngati zidebe zako zodontha zija?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, nawelama pang'ono, nati, "Bondiya, bambo," moni wa Chipwitikizi.

Julio kunditchula bambo! Munthu amene pa ukwati wa mwana wanga anaimilila nauza anthu kuti mutu wanga ndi dzungu limene mbuzi zinalikana. Ndinakhala pansi pa sitepe, ndipo sopo uja ndinamukankhila mkati mwa thumba kuti Luisa asamuone.

Julio anabwela kuno mu 1987, wapansi, kuthawa nkhondo. Ena anafika kukampu ya ku Ukwimi atanyamula mabulangete ndi ana. Iye ananyamula hamala ndi sizasi yodulila malata. Zitini za saladi zimene othawa nkhondo anali kulandila, anthu akamaliza mafuta anali kutaya. Julio anali kuzitola. Pakutha mwezi zinasanduka makoloboi, mafanelo, tizidebe ta ana, mbaula zing'onozing'ono. Anayamba kuzungulila m'midzi yathu, zinthu zikulila kumsana kwake ngwele ngwele, mpaka agalu anazolowela osamuuwanso. Ndi mmene anapezela Olipa, mlongo wanga wa kumtundu. Anapita kukamata mphika wa amai a Olipa, ndipo mphikawo unatenga milungu itatu. Mphika umodzi.

Munthuyu sanadziwepo kukhala pansi. Mu chalichi anali kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ati benchi imamuluma. Chaka china anamva za golide ku Sasare, anapita, nabwelako ndi chifuwa ndi mwala wonyezimila umene unakhala wotsekela chitseko. Nkhondo itatha, malole atabwela kudzatenga anthu kuwabwezela kwawo, Julio anakwela. Tinamtsazika, Olipa akulila ndi kamwana kumsana. Madzulo ake tinangoona munthu akubwela wapansi. Ati anatsika panjila chifukwa m'lole munali mothina. Sanayesenso. Kamwana kaja ndi Luisa, dzina la amai ake a Julio amene anawasiya ku Fingowe ndipo sanawaonenso.

Olipa anamwalila zaka zinayi zapita. Julio anapitiliza kukhoma malata. Chaka chatha ndi pamene tinayamba kuona zachilendo. Anandipangila chidebe chokongola, chogwilila chabwino, mkombelo wosalala, koma chopanda pansi. Ndinamuseka sabata yonse. Iyenso anaseka, koma maso ake sanaseke. Kenako anasochela pa njila ya kuchigayo imene wayenda kuyambila ine tsitsi likali lakuda. Luisa anamtenga kupita naye ku Kacholola kumene anakwatiwa. Ine ndinati nkhalamba zonse zimaiwala, nanenso magalasi ndimawafuna ali pamphuno. Sindinadziwe kuti zake zikuthamanga.

Luisa anandiuza zonse tsiku lija nditafika. Chinyanja chinawathela atate ake, atsala ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Luisayo amamutchula mama. Lole ikaliza hutala pamsewu, manja ndi mapewa zimadumpha zokha. Ndipo sakhala. Kukacha ali kale pamsewu waukulu, kuimika mabasi a ku Chipata, kufunsa makondakitala ngati apita ku Fingowe. Amai ogulitsa nthochi ndi amene amawabweza.

"Izo tinazolowela," anatelo Luisa. "Koma mailo agwa, lelo m'mawa agwanso. Ndi khunyu, atate. Thupi lonse kuuma, kenako kugwedezeka. Ndipo onani."

Anandilozela pa khola la mbuzi. Pamwamba pa mtengo panali kapu ndi mbale, zomangidwa kawaya kuti zisasakanikilane ndi za ena. Ana awili a Luisa, Karen ndi mng'ono wake, anali kusuzumila pa mpanda wa aneba, kumene anauzidwa kuti azikhala.

Mwamuna wa Luisa ndi Whiteson. Amawotcha nyama ya mbuzi pamsewu, pa dilamu lodulidwa pakati. Si munthu woipa, ndinene zoona, ngakhale ali ndi khosi ngati la nkhanga. Anafika masana, manja ali ndi matope, atanyamula chikwanje.

"Mwabwela bwino, a Mumba. Mwina inu amai awa akumvelani. Ndikumanga msasa kudimba. Loweluka utha. Apongozi azikhala kumeneko, chakudya tizipeleka."

"Kudimba kuli patali bwanji?"

"Pafupi. Theka la ola."

"Miyendo yako kapena yake?"

"A Mumba, ine ndili ndi ana. Inu mudziwa khunyu mmene imayendela. Thovu lija likakukhudza, kapena munthu akaphwisa ali chigwele iwe n'kupuma mpweyawo, basi yakulowa. Ndidikile mpaka mwana wanga agwe pa sukulu?"

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamuyankha mwanzelu. Koma ine sukulu ndinalekela giledi faifi, ndipo zimene ananenazo ndi zimene nanenso ndinakula nazo. Kwathu munthu akagwa khunyu, tonse tinali kuthawila kumene mphepo ichokela. Ndinangoti, "Nanga kukazizila azisonkha moto yekha?" Whiteson anati adzamugulila bulangete lachiwili. Luisa anali kupotokola nsonga ya chitenje mpaka zala kuyela.

M'mawa mwake ndinaziona ndi maso anga. Julio anali kuzungulila bwalo, kuchoka pa mango kupita pa khola, pa khola kubwelela pa mango, akugogoda chilichonse ndi kachitsulo kuti amve kulila kwake. Mwadzidzidzi anaima, mutu unakhotela kumanzele, analila liwu limodzi ngati mbuzi yopondedwa, nagwa. Miyendo inayamba kumenya pansi. Amai awili amene anabwela kudzapempha moto anathawa atagwila mphuno. Luisa anaima patali pang'ono, chitenje pakamwa, akulila, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo.

Ine ndinaganiza kuti, munthu uyu ndidzamsambika ndine akadzafa, thovu ndi zonse. Ndiye lelo ndithawe chiyani? Ndinakoka mpweya wambili, ndinatseka pakamwa kuti ndisapume wake, ndinatola supuni pa thandala. Tonse timadziwa kuti wa khunyu amameza lilime ngati sumuika supuni. Nsagwada zinali zolimba ngati vaisi yopanila zitsulo. Ndinakankha. China chake chinati phwa.

Julio anali ndi mano atatu. Atatsitsimuka anali ndi awili.

Magazi aja ndi amene anamulimbitsa mtima Luisa. Sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anaveka atate ake malaya oyela, tinakwela minibasi kupita kuchipatala ku Nyimba. Pamzele Julio anaimilila kasanu ndi kawili, ndinawelenga. Anapeza ndowa ya mopu pakona, anaitembenuza, napukusa mutu chifukwa cha mmene anaimatila.

Dokota anali mtsikana, msinkhu wa mdzukulu wanga. Anafunsa Luisa mafunso ambili: zinayamba liti, anayamba ndi kuiwala kapena kugwa, manja amadumpha kangati. Anamuyendetsa Julio pa mzele wa simenti, anamuunika m'maso, kenako m'kamwa.

"Dzino ili wathyola ndani?"

Luisa anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kalenda.

"Ambuya, ndinu?"

"Ndinali kupulumutsa lilime, mwanawe."

"Lilime silimezeka. Yesani kumeza lanu tione."

Ndinayesa. Nesi anatuluka panja kukaseka.

Kenako anatikhazika bwino natifotokozela. Anati matenda oiwala a okalamba ali mitundu yambili. Ena amayenda pang'onopang'ono zaka khumi. Ena, osaoneka kawilikawili, amathamanga, ndipo a Julio akuoneka ngati a mtundu wothamangawo. Ubongo ukutha, ndipo pamene ukutha umachita ngati mawaya a magetsi okhudzana, ndiye kugwa kuja. Dzina lenileni la matendawo lingafune makina a ku Lusaka, ndipo ngakhale litadziwika, nzelu zimene zapita sizibwelela. Mapilitsi alipo ochepetsa kugwa. Osati kuthetsa, kuchepetsa.

"Nanga ana?" anafunsa Luisa. "Thovu?"

"Thovu ndi malovu chabe, amai. Khunyu siyambukila. Ine ndagwila anthu ogwa kuyambila ndili kusukulu. Akagwa, chotsani zinthu pafupi, ikani chofewa kumutu, muwagoneke cham'mbali. M'kamwa musaike kanthu." Apa anandiyang'ananso. "Chimene chimapha anthu otele ndi moto ndi madzi. Asakhale okha. Ngakhale ola limodzi."

Kudimba kuli chitsime chosatseka ndi mtsinje. Ndinaona kuti Luisa akuchiona chitsimecho m'maganizo.

Titabwelela kunyumba, Whiteson anamvetsela zonse akunola mpeni. Titamaliza anati, "Dokotayo amagona muno? Ana ndi ake? Iwo amavala magolovesi, ndiye akuti siyambukila. Amai anga anaona banja lonse likugwa ku Luembe, kuyambila mmodzi. Loweluka msasa utha."

Lachisanu m'mawa Luisa anandipeza kuseli kwa nyumba. "Atate, ine pano ndine mkamwana. Apongozi anga akazi anena kale. Ndikakweza mawu ati mwana wa othawa nkhondo alibe mwambo. Koma inu ndinu sabwila. Inu palibe amakuletsani pakamwa."

Anandikanda pamene pamandiyabwa. Pa malilo, sabwila amavala zovala za womwalilayo ndi kumuyeselela, kuyenda ngati iye, kulankhula ngati iye, ndipo zimene abale amabisa iye amazitulutsa poyela. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala jekete ya Julio ndi chipewa chake, ndinamanga zitini zitatu kumsana. Ndinatsikila kumsewu nthawi imene mabasi a m'mawa amaima, ndikuyenda mothamanga ngati iye, ndikuimba nyimbo ya pamalilo.

Amai a nthochi anasiya mabeseni. "A Mumba, kwagwanji? A Julio?"

"Apita, amai. Malilo mailo, Loweluka, kudimba kwa a Whiteson. Manda amanga kale, a udzu. Chondidandaulitsa n'chakuti woika ndine, tinapangana kalekale, koma mkamwini wandilanda ntchito. Ndipo akumuika akali kupuma, kuti asavutike kugula bokosi."

Ena anaseka, ena anagwila pakamwa. Anthu a m'basi anatulutsa mafoni. Whiteson anali pa dilamu lake, utsi uli kumaso. Anaika pansi foloko, nabwela pafupi, nalankhula motsitsa, zimene zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Mwamaliza, mudala? Chabwino. Ndinu sabwila wawo. Atengeni. Minibasi iyo. Pitani nawo ku Nyampande, muzikadya nawo mbale imodzi."

Pamenepo nyimbo inandithela. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awili ndi zisanu ndi chimodzi. Ndimakhala ndekha m'chipinda chimodzi, bondo lakumanja limagwila ntchito masiku amene lafuna. Julio akatuluka pakhomo ndingamupeze kuti? Ndinaima pamenepo ndi zitini kumsana, anthu akundiyang'ana. Sindinachitepo manyazi otelo chibadwile.

Amene anayankha ndi Luisa. Sindinaone kuti anatitsatila.

"Atate sapita ku Nyampande. Mwati kudimba, apita kudimba. Koma ndipita nawo. Mapoto ndi anga, ndinabwela nawo. Ana muziwasambika ndinu, atate ake Karen, popeza ine ndidzakhala wa thovu."

"Usandiopseze pa anthu, iwe."

"Sindikuopsezani. Ndikukuuzani kuti mudziwe pogula poto."

Loweluka Luisa anachitadi. Kutangocha anamanga mapoto m'chitenje, mphasa pamutu, ulendo woyamba kudimba. Whiteson anaona, anapita kukayatsa makala kumsewu akumenyetsa chitseko. Ine ntchito yanga inali imodzi: kukhala ndi Julio mpaka Luisa abwele kudzatenga katundu wachiwili. Ndinampatsa chitini ndi kachitsulo, anayamba kugogoda. Ndinati ndipite kuchimbudzi pang'ono. Pa msinkhu wanga pang'ono amatalika. Potuluka ndinapeza chitini chokha.

Zimene zinachitika kumsewu ndinauzidwa ndi amai a nthochi, onse pamodzi, aliyense akukuwa kuposa mnzake, ndiye ndasankha zimene anagwilizana. Julio sanapite kumabasi tsikulo. Anapita pa dilamu la Whiteson. Mwendo umodzi wa dilamulo unali wogwedela kuyambila kale, anauchilikiza ndi njelwa. Julio anagwada nayamba kuugwilagwila, akung'ung'udza m'Chipwitikizi. Whiteson anati, "Apongozi, chokani apo, pali moto." Asanamalize, mutu unakhota, liwu lija linatuluka, ndipo Julio anagwela pansi pa dilamu penipeni. Miyendo inayamba kumenya njelwa ija. Dilamu linapendekeka, makala ofiila anayamba kugwa m'mbali mwa phewa lake.

Onse anathawa. Ogula, ogulitsa, kondakitala amene anali ndi nyama m'kamwa. Whiteson nayenso anathawa, amai aja akuti masitepe anayi. Kenako anaima. Anatola mapulasitiki awili okulungila nyama, anawavala m'manja, anakoka mpweya, nabwelela masaya ali otupa ngati woimba lipenga. Anagwila apongozi ake pa kolala nawakokela kutali. Dilamu linagwa pamalo pomwe panali mutu, nyama yonse m'dothi.

Ndipo sanawasiye. Amai mmodzi akuti anamva akudzilankhulila, "Cham'mbali, anati cham'mbali." Anawatembenuza, anavula epuloni naipinda pansi pa mutu. Mpweya unamuthela, anapuma, anatukwana, napumanso. Pulasitiki imodzi inang'ambika. Thovu linayendelela pa mkono wake mpaka pa chigongono.

Pamene ine ndinafika ndi bondo langa, Julio anali atagona tulo tofa nato pa epuloni, malaya atapsa pang'ono paphewa, khungu lili bwino. Whiteson anali pa mpope, akukwecha mkono ndi phulusa, kenako sopo, kenako palafini, kenako phulusanso. Luisa anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Anagwada, anaona atate ake, anaona dilamu, anaona mwamuna wake.

Whiteson ndiye anayamba, osatiyang'ana.

"Yandilowa kale. Palibenso chothawa."

"Siyambukila," anatelo Luisa.

"Tiona. Mwezi umodzi. Ndikagwa, ine ndi apongozi tonse kudimba, iwe utsale ndi ana. Ndikapanda kugwa..." Anakwechanso mkono. "Kabweze mapoto. Ndipo mudala uyu asandiimbilenso nyimbo pa malonda anga."

Anawanyamula yekha apongozi ake kupita nawo kunyumba, kumsana, ati popeza mkono wawonongeka kale.

Ndikulemba izi pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi la mwezi wa Whiteson uja. Sindinabwelele ku Nyampande, matimati ndinauza aneba adye. Julio amagona m'nyumba, m'chipinda cha pafupi ndi khomo, ndipo Luisa amaphikila kuseli, atatchinga mbaula ndi njelwa. Mapilitsi amamwa akawaphwanyila mu phala. Wagwa kamodzi kokha chiyambile, pang'ono. Koma miyendo yayamba kumukana. Kumsewu safikanso, amathela pa mango, ndipo manja okha ndi amene atsala osakhazikika, kufunafuna chogogoda. Ine sandidziwabe. Ana anabwelela m'nyumba, ngakhale agogo awo akuchimuna amawaitanabe kukagona kwawo Loweluka lililonse.

Whiteson amadzuka m'mawa, amaima pakhomo, amatambasula manja kuona ngati akunjenjemela, amaponda pansi mwamphamvu kawili, kenako amadula chizindikilo pa mtengo wa khonde. Mailo anandiitanila pambali.

"A Mumba, inu mwakhala zaka zambili. Imatenga masiku angati kuti ioneke?"

Ndinati ndinamvapo za munthu wa ku Sinda amene inamudikila zaka khumi ndi ziwili.

Luisa anamva ali kukhitchini. Chitsononkho chinandipeza pakhutu.